Mapulogilamu a Open Source, Seva ya Pakhomo ndi Kusunga Cinsinsi pa Intaneti

Pa 14 October 2025, kampani ya Microsoft ya ku America inathetsa cithandizo cake ca nthawi zonse pa Windows 10, pulogilamu imene yakhala ikuyendetsa makompyuta ambili m'maofesi, m'masukulu ndi m'nyumba. Eni makompyuta a panyumba anapatsidwa mwai wolembetsa kuti alandilebe zokonza za citetezo kwa caka cina cimodzi. Windows 11, imene inalowa m'malo, imafuna kompyuta yokhala ndi kacipangizo ka citetezo kochedwa TPM 2.0 pamodzi ndi pulosesa yatsopanoko. Makompyuta ambili akale, kuphatikizapo amene amabwela m'dziko muno atasewenzako kale kunja, alibe zimenezi.

Mwini wa kompyuta yotele ali ndi njila zitatu: kugula ina, kupitiliza kuisewenzetsa popanda citetezo, kapena kuikamo pulogilamu ina yoiyendetsa. Njila yacitatuyi ndiyo imafikitsa munthu ku mapulogilamu ochedwa open source. Nkhani ino ifotokoza za mapulogilamu amenewa, za kusunga mafaelo pa seva ya iwe mwini, ndiponso za njila zochinjilizila cinsinsi canu pa foni ndi pa kompyuta.

Kodi open source n'ciani?

Pulogilamu iliyonse ya pa kompyuta imayamba monga malangizo olembedwa ndi anthu m'cinenelo cimene makina amatha kutsatila. Malangizo amenewa amachedwa source code. Makampani ambili amabisa malangizowa. Mukalipila ndalama, cimene mwagula ndi cilolezo cabe cosewenzetsa pulogilamuyo, ndipo simuloledwa kuona za m'kati mwake, kuisintha kapena kugawilako mnzanu.

Pulogilamu ya open source imatulutsidwa pamodzi ndi malangizo ake, komanso ndi cilolezo colembedwa cimene cimapatsa munthu aliyense ufulu wa mitundu inai. Woyamba ndi ufulu woisewenzetsa pa nchito iliyonse. Waciwili ndi ufulu wophunzila mmene inapangidwila ndi kuisintha. Wacitatu ndi ufulu wogawila ena makope ake. Wacinai ndi ufulu wogawila ena kope limene mwasintha.

Alimi angamve msanga nkhani imeneyi akakumbukila mbeu ya makolo. Mbeu imeneyo mlimi amaisunga yekha, amasankha ngala zabwino caka ndi caka, ndipo amapatsako mnansi wake popanda kupempha cilolezo kwa wina aliyense.

Ambili mwa mapulogilamuwa salipilidwa, koma maziko ake ndi ufulu osati mtengo. Pali makampani amene amapeza ndalama zambili mwa kuthandiza mabungwe kuika ndi kusamalila mapulogilamu otele. Mwacitsanzo, m'caka ca 2019 kampani ya IBM inagula kampani ya Red Hat, imene malonda ake ndi a Linux, pa mtengo wa madola 34 biliyoni.

Mmene zinayambila

Mu September 1983, katswili wa makompyuta wa ku America, Richard Stallman, amene panthawiyo anali kusewenza pa sukulu ya MIT, analengeza nchito yochedwa GNU. Colinga cake cinali kupanga pulogilamu yathunthu yoyendetsa kompyuta imene aliyense angakhale nayo mwaufulu. Mu 1985 anakhazikitsa bungwe la Free Software Foundation, ndipo mu 1989 anatulutsa cilolezo ca GPL. Cilolezo cimeneci cili ndi lamulo limodzi lalikulu: munthu akasintha pulogilamu ndi kuigawila ena, ayenela kuwapatsanso ufulu umene iye analandila.

Mu 1991, Linus Torvalds, wophunzila wa zaka 21 pa University of Helsinki ku Finland, analemba cigawo capakati cimene cimalumikiza mapulogilamu ndi makina eni-eniwo. Cigawoco cinachedwa Linux. Citaphatikizidwa ndi zipangizo za GNU, panabadwa pulogilamu yathunthu yoyendetsa kompyuta. Dzina lakuti open source linayamba kumveka mu 1998, caka cimene kampani ya Netscape inatulutsa poyela malangizo a pulogilamu yake yotsegulila intaneti. Pa maziko amenewo ndi pamene panadzacokela Firefox mu November 2004.

Mu October 2004, Mark Shuttleworth wa ku South Africa, kupyolela m'kampani yake ya Canonical, anatulutsa mtundu wa Linux wosabvuta kwa munthu wamba. Anaucha Ubuntu, liu la m'zinenelo za Cizulu ndi Cixhosa limene ife timati umunthu.

Masiku ano anthu ambili amasewenzetsa open source osadziwa. Foni iliyonse ya Android imayendela pa Linux. Kuyambila mu November 2017, makompyuta 500 amphamvu koposa pa dziko lonse akhala akuyendela pa Linux. Muno m'Zambia, Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwelengelo zocokela m'zipatala kupyolela mu DHIS2, pulogilamu ya open source imene nchito yoipanga imatsogoleledwa ndi University of Oslo ku Norway, ndipo imasewenzetsedwa m'maiko oposa 70.

Mapulogilamu a nchito za tsiku ndi tsiku

Simufunika kucotsa Windows kuti muyambe. Mapulogilamu otsatilawa amasewenza pa Windows, pa Mac ndi pa Linux.

LibreOffice ndi ya nchito za muofesi: kulemba makalata, kuwelengela ndalama m'mizele ndi kukonza zoonetsa pa misonkhano. Inayambika mu 2010 pansi pa bungwe la The Document Foundation. Imatsegula ndi kusunga mafaelo a Word, Excel ndi PowerPoint, ngakhale kuti nthawi zina maonekedwe a kalata yokhala ndi zokongoletsa zambili amasinthako pang'ono. Ngati kalatayo ndi yofunsila nchito, isandutseni PDF musanaitumize.

Firefox ndi yotsegulila masamba a pa intaneti, ndipo Thunderbird ndi yolandilila ndi kutumizila maimelo.

VLC imaliza pafupi-fupi mtundu uliwonse wa nyimbo ndi vidiyo. Inayamba monga nchito ya ophunzila pa sukulu ya École Centrale Paris ku France.

Audacity, imene inatuluka mu 2000, ndi yojambulila ndi kudulila mau. Mawailesi aang'ono a m'madela, makwaya ndi aphunzitsi angakonze nayo mapulogilamu ao popanda kulipila.

GIMP ndi yokonzela zithunzi, ndipo Inkscape ndi yojambulila zizindikilo ndi zikwangwani.

KeePassXC ndi Bitwarden ndi zosungilamo mau acinsinsi.

Pa foni ya Android, OsmAnd ndi Organic Maps zimakulolani kukopelatu mapu a dziko lonse la Zambia kamodzi cabe, ndi kumawaona pambuyo pake ngakhale kumene kulibe netiweki. Mapu ake amacokela ku OpenStreetMap, imene imakonzedwa ndi anthu odzipeleka kuyambila mu 2004.

Kupatsa moyo kompyuta yakale

Mitundu ya Linux imene oyamba kumene amaikonda ndi Linux Mint ndi Ubuntu. Kwa kompyuta yofooka kwambili, kuli mitundu yopepuka monga Lubuntu ndi Xubuntu. Linux Mint imatha kuyenda pa kompyuta ya RAM ya 2 GB, koma imayenda bwino kuyambila pa 4 GB. Ubuntu imatulutsa mtundu wokhalitsa wochedwa LTS mu April, zaka ziwili zilizonse, ndipo mtundu umenewo umalandila zokonza za citetezo kwa zaka zisanu popanda kulipila.

Ubwino wake ngwakuti mungayese musanasankhe. Faelo ya Linux imalembedwa pa flash disk ya 8 GB, ndipo kompyuta imayatsidwa kucokela pa flash imeneyo. Mukatelo mumaona mmene imasewenzela popanda kukhudza ciliconse cimene cili pa hard disk. Pa nthawi yoyesayo onani ngati Wi-Fi, mau, kamela ndi printer zikusewenza. Popeza faeloyo ndi ya ma GB angapo, ndi bwino kuikopa pamalo pamene pali intaneti yosawelengela mabando, ndipo flash imodzi ingathandize anthu ambili. Kugawana kotele n'kololedwa.

Musanaike Linux kothelatu, kopelani zithunzi ndi makalata anu onse pa cipangizo cina, cifukwa kuika pulogilamu yatsopano kungafafanize zonse. Dziwaninso kuti mapulogilamu ena, monga Adobe Photoshop ndi Microsoft Office yoikidwa pa kompyuta, alibe mtundu wa Linux. Ngati nchito yanu imadalila pulogilamu inayake ya maakaunti kapena ya pa nchito, funsani coyamba ngati idzasewenza. Safunsa anadya phula.

Kodi mapulogilamuwa ndi otetezeka?

Popeza malangizo ali poyela, akatswili a kulikonse angawafufuze, ndipo n'kobvuta kubisamo cinthu cozonda anthu kwa nthawi yaitali. Koma kukhala poyela sikutanthauza kuti wina wawafufuzadi. Mu April 2014 panapezeka colakwika cochedwa Heartbleed mu OpenSSL, pulogilamu imene inali kuteteza masamba ambili-mbili a pa intaneti. Colakwikaco cinali citakhalamo zaka ziwili, ndipo zinadziwika kuti pulogilamu yofunika conco inali kusamalilidwa ndi anthu ocepa kwambili.

Mu March 2024, katswili wina, Andres Freund, anadabwa kuona kuti kompyuta imene anali kuyesa inali kucedwa ndi pafupi-fupi theka la sekondi polowa. Atafufuza anapeza khomo lacinsinsi limene munthu wina anaika dala mu kapulogilamu kochedwa xz, atadzionetsa kwa zaka ziwili monga wothandiza wokhulupilika. Ciwembuco cinadziwika cisanafike pa makompyuta ambili. Nkhani imeneyi ionetsa mbali zonse ziwili: woipa angalowe, komanso munthu wachelu ali ndi mwai womugwila.

Kwa munthu wamba, malamulo ndi awili. Loyamba, tengani pulogilamu pa tsamba la eni ake kapena m'sitolo ya mapulogilamu imene ili m'kati mwa Linux, osati pa link imene mwalandila m'gulu la WhatsApp. Laciwili, lolani ma update nthawi zonse. Mu May 2017, kacilombo ka WannaCry kanatseka mafaelo pa makompyuta a Windows m'maiko pafupi-fupi 150, cikhalileco Microsoft inali itatulutsa cokonza bvutolo miyezi iwili m'mbuyomo. Amene anabvutika ndi aja amene sanaike cokonzaco.

Mapulogilamu akuba, aja amene amisili ena amaika pa mtengo wocepa atathyola cilolezo, ndi oopsa pa zifukwa zomwezi. Kawili-kawili salandila ma update, ndipo cipangizo cothyolela cilolezoco cimatha kubwela ndi tuzilombo. Kuwasewenzetsa n'kuphwanyanso lamulo loteteza eni nchito. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyelele.

Seva ya pakhomo

Mukasunga zithunzi pa Google Photos kapena makalata pa Dropbox, zinthu zanu zili pa makompyuta a kampani, nthawi zambili kunja kwa dziko. Makompyuta amenewo amachedwa maseva. Kampani ndiyo imaika malamulo, ndipo ingawasinthe. Mu June 2021, Google inathetsa mwai wosunga zithunzi zopanda malile kwaulele, ndipo mu 2013 inatsekelatu Google Reader imene anthu ambili anali kudalila. Akaunti ikatsekedwa kapena kubedwa, zonse zimene zili m'menemo zingatayike.

Self-hosting ndi kukhala ndi seva yanu-yanu. Kuli ngati kumanga nkhokwe pakhomo m'malo mosungitsa cimanga kwa munthu wina. Seva si makina odabwitsa ai. Ndi kompyuta iliyonse imene imakhala yoyaka ndi kutumikila zipangizo zina. Laputopu yakale ingagwile nchitoyi, ndipo ili ndi ubwino wakuti batili lake limaicilikiza magetsi akazima kwa kanthawi. Ena amasewenzetsa Raspberry Pi, kakompyuta kokwana pa cikhatho kamene kanayamba kugulitsidwa ku Britain mu 2012. Kamadya magetsi ocepa kwambili, moti kangayendele pa sola yaing'ono.

Pa seva yotele mungaike Nextcloud, imene inayambitsidwa ndi Frank Karlitschek wa ku Germany mu 2016. Imasunga mafaelo, zithunzi, manambala a foni ndi kalenda ya banja kapena ya kabungwe. Syncthing imacititsa kuti foda ya pa foni ndi ya pa kompyuta zizikhala zofanana popanda kusungitsa mafaelo ku kampani iliyonse. Sukulu ingaike Moodle, imene inatuluka mu 2002, kuti aphunzitsi aziikapo maphunzilo ndi mayeso. Kiwix imasunga Wikipedia ndi mabuku ena pa hard disk. Wikipedia yonse ya Cingelezi pamodzi ndi zithunzi imatenga malo oposa 100 GB, ndipo ikaikidwa pa seva ya pa sukulu, ana angaiwelenge kupyolela pa Wi-Fi ya pamalopo popanda kugula bando ngakhale imodzi. Kwa sukulu ya kumudzi ku Chadiza kapena ku Lundazi, phindu lalikulu la seva lili pamenepa.

Komabe walila mvula walila matope. Mwini nkhokwe ndiye amalimbana ndi anankafumbwe ndi makoswe, ndipo mwini seva nayenso ali ndi mabvuto anai oti awaganizile.

Loyamba ndi magetsi. Cilala ca mu 2024 cinacepetsa madzi m'damu la Kariba, ndipo madela ambili anali kukhala maola oculuka pa tsiku opanda magetsi. Seva yozima siithandiza munthu, ndipo kuzima kwadzidzidzi kungaononge mafaelo. Pafunika batili, UPS kapena sola.

Laciwili ndi kufika pa sevayo muli kutali. M'kati mwa nyumba kapena ofesi zonse zimayenda kupyolela pa router. Koma makampani a mafoni nthawi zambili amagawila makasitomala ambili adilesi imodzi ya pa intaneti, conco munthu amene ali kunja sangafike mwacindunji pa seva ya m'nyumba mwanu. Amene afuna zimenezi amasewenzetsa njila yobisika monga WireGuard, kapena amacita lendi seva yaing'ono ku kampani pa malipilo a pamwezi.

Lacitatu ndi citetezo. Seva iliyonse imene yatsegulidwa ku intaneti imayesedwa usana ndi usiku ndi mapulogilamu a akuba amene amafuna-funa makomo osakhoma. Woyamba kumene aziisunga m'kati mwa netiweki ya panyumba cabe kufikila ataphunzila bwino.

Lacinai ndi kutayika kwa mafaelo. Hard disk iliyonse idzafa tsiku lina, ndipo mbala kapena moto zingatenge seva pamodzi ndi zonse zili m'menemo. Akatswili amalangiza lamulo la 3-2-1: khalani ndi makope atatu a cinthu ciliconse cofunika, pa zipangizo za mitundu iwili, ndipo kope limodzi likhale ku malo ena, monga kwa m'bale wanu kapena ku ofesi. Nthawi ndi nthawi yesani kutsegula kope losungalo kuti mutsimikize kuti lili bwino.

Pali nchito imodzi imene woyamba sayenela kuiyesa, ndiyo seva ya maimelo. Makampani akulu-akulu amakana kapena kutaya makalata ocokela ku maseva osadziwika. Ndipo ngati mulibe nthawi yosamalila seva mwezi ndi mwezi, hard disk yapadela imene mumakopelapo mafaelo anu kawili-kawili idzakuthandizani kuposa seva yosiyidwa.

Kusunga cinsinsi canu

Anthu ena amati alibe cobisa. Koma nambala ya citupa ca NRC, PIN ya ndalama za pa foni, zotsatila za ku cipatala ndi zithunzi za ana ndi zinthu zimene munthu aliyense amasunga. Mu 2018 zinadziwika kuti kampani ya Cambridge Analytica inapeza nkhani za anthu ofika pa 87 miliyoni a pa Facebook kupyolela mu kapulogilamu ka mafunso ooneka ngati masewela. Ambili mwa anthuwo sanayankhe n'komwe mafunsowo. Nkhani zao zinatengedwa cifukwa anzao anabvomela.

Mau acinsinsi. Akaunti iliyonse ikhale ndi mau ake-ake. Akuba akathyola tsamba limodzi amayesa mau omwewo pa imelo, pa Facebook ndi ku banki. Kutalika n'kofunika kuposa zizindikilo zobvuta kukumbukila. Mau anai kapena asanu a Cinyanja osagwilizana, monga nkhwani, njinga, bingu ndi mtondo, ataikidwa pamodzi ndi manambala, ndi olimba kuposa dzina la mwana ndi caka cobadwa. Sankhani anu, musatenge awa. Kuti musabvutike kukumbukila, sungani onse mu KeePassXC kapena Bitwarden, ndipo inu muzikumbukila amodzi cabe otsegulila. Tsamba la Have I Been Pwned, limene Troy Hunt wa ku Australia anayambitsa mu 2013, limakuuzani ngati imelo yanu inapezeka pa nkhani zimene zinabedwa.

Loko yaciwili. Yatsani citsimikizo ca masitepe awili, maka-maka pa imelo, cifukwa amene walowa mu imelo yanu angasinthe mau acinsinsi a maakaunti ena onse. Nambala yobwela pa SMS ndi yabwino kuposa kusakhala ndi kalikonse, koma kapulogilamu kopanga manambala pa foni pomwepo, monga Aegis ya open source, n'kolimba koposa, popeza mbala zimatha kusamutsila nambala ya munthu pa SIM ina. Foni yanu ikataya netiweki mwadzidzidzi pamene ena ali nayo, pitani msanga ku kampani yanu ya foni. Pa WhatsApp ikani PIN ya manambala 6, ndipo nambala imene WhatsApp imatumiza pa SMS musauze munthu aliyense, ngakhale wolemba uthengayo aoneke ngati m'bale wanu.

Ndalama za pa foni. Wa nchito weni-weni wa Airtel, MTN, Zamtel kapena wa banki sadzakufunsani PIN. Mukalandila uthenga wakuti tumizani ndalama ija pa nambala iyi, imbilani mwini wake pa nambala imene mumaidziwa kale. Wina akanena kuti wakutumizilani ndalama molakwitsa, onani ndalama zimene zili mu akaunti yanu, osati uthenga wa SMS, cifukwa uthenga ungapekedwe. Pa booth lembani PIN nokha, mutabisa ndi dzanja. Manambala a anthu acinyengo apelekeni ku kampani yanu ya foni, ku bungwe la ZICTA kapena ku polisi.

Mauthenga. SMS ndi foni wamba sizibisidwa kucokela kwa wotumiza mpaka kwa wolandila. Signal, imene ndi ya open source, imabisa zonse mwa njila imeneyo. WhatsApp yakhala ikusewenzetsa njila yobisila ya Signal kuyambila mu 2016, koma kampani ya Meta imadziwabe amene mumalankhula nao ndi nthawi yake, ndipo makope a mauthenga osungidwa pa Google Drive amabisidwa mwa njila yomweyo pokhapo ngati mwayatsa nokha. Pa Telegram, maceza wamba ndi a m'magulu sabisidwa mwa njila imeneyi. Kumbukilaninso kuti palibe pulogilamu imene ingaletse wolandila kujambula uthenga wanu ndi kuonetsa ena.

Zilolezo za mapulogilamu a pa foni. Tochi sifunika kuona manambala a anzanu. Lowani mu Settings ndi kucotsa zilolezo zosayenela, maka-maka za malo amene muli, kamela, maikolofoni ndi SMS. Cenjelani ndi mapulogilamu ena a nkhongole za msanga amene amafuna kuona manambala onse a m'foni, cifukwa mukacedwa kubweza angayambe kutumila acibale ndi anzanu a ku nchito mauthenga okucititsani manyazi.

Poyenda pa intaneti. Kacizindikilo ka loko ndi zilembo za https zitanthauza kuti zimene mukutumiza zabisidwa panjila, koma sizitanthauza kuti mwini tsambalo ndi woona mtima. Welengani bwino dzina la tsamba musanalembe mau acinsinsi. Pa Firefox mungaonjezele uBlock Origin, imene imatseka zotsatsa malonda ndi tumapulogilamu tolondola anthu, ndipo potelo imapulumutsako mabando. Zenela la Private kapena Incognito limangofafaniza mbili pa cipangizo canu, silikubisani kwa kampani ya intaneti kapena kwa abwana a pa nchito. VPN nayo imangosamutsa cidalilo canu kucoka ku kampani ya intaneti kupita kwa mwini VPN, motelo ya ulele yosadziwika mwini wake ingakhale yoipa kuposa kusakhala nayo.

Makompyuta a anthu ambili. Mukapita kokasindikiza kapena kucita scan citupa, satifiketi kapena kalata ya ku banki, onetsetsani kuti faeloyo yafafanizidwa, ndi mu Recycle Bin momwe. Tulukani mu imelo yanu musanaimilile, ndipo musalole kompyuta ya eni kusunga mau anu acinsinsi.

Foni yokonzetsa kapena yogulitsa. Cotsani SIM ndi memory card musanasiye foni kwa wokonza. Musanaigulitse, tulukani mu akaunti ya Google kapena Apple ndipo citani factory reset. Foni iliyonse ikhale ndi loko ya PIN yosacepela manambala 6.

Zithunzi ndi ana. Kamela ya foni imatha kulemba m'kati mwa cithunzi malo eni-eni amene cinajambulidwila, conco zimitsani zimenezo ngati simuzifuna. Musaike poyela cithunzi ca tiketi, citupa, kapena ca mwana ali mu yunifomu yoonetsa dzina la sukulu yake.

Zimene lamulo likamba

Dziko la Zambia linalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kupyolela mu ZAMNET, imene inabadwila pa University of Zambia, ndipo linali limodzi mwa maiko oyambilila kutelo kum'mwela kwa cipululu ca Sahara. Malamulo oteteza nkhani za anthu anabwela pambuyo pake. Bungwe la ZICTA, limene limayang'anila za mafoni ndi intaneti, linakhazikitsidwa pansi pa lamulo la mu 2009.

Lamulo la Data Protection Act la mu 2021 linakhazikitsa ofesi ya Data Protection Commissioner. Lamuloli limapatsa munthu ufulu wodziwa nkhani zimene kampani kapena bungwe lasunga zokhudza iye, wopempha kuti zolakwika zikonzedwe, wokana kuti zisewenzetsedwe potsatsa malonda, ndiponso, pa zifukwa zina, wopempha kuti zifafanizidwe. Amene aona kuti ufulu wake waphwanyidwa angapeleke dandaulo ku ofesi imeneyo. Udindo umenewu ukhudzanso sukulu, chalichi, kilabu kapena kabizinesi kamene kamasunga maina ndi manambala a anthu, kaya pa seva yake kapena ya kampani.

Mu April 2025 panakhazikitsidwa malamulo awili, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, amene analowa m'malo mwa lamulo limodzi la mu 2021. Boma linati colinga cake ndi kuthana ndi umbava ndi nkhanza za pa intaneti, pamene mabungwe ena oona za ufulu wa anthu anadandaula kuti mphamvu zomvetsela mauthenga zimene zili m'malamulowo n'zazikulu kwambili. Pansi pa malamulowa, kulowa mu kompyuta kapena akaunti ya munthu wina popanda cilolezo ndi mlandu.

Poyambila

Zonsezi sizicitika tsiku limodzi. Yambani ndi imelo: sinthani mau ake acinsinsi ndi kuyatsa loko yaciwili. Kenako kopelani zithunzi ndi makalata ofunika pa cipangizo cina. Pambuyo pake yesani LibreOffice ndi Firefox pa kompyuta imene muli nayo, ndipo mukazolowela yesani Linux pa flash disk. Seva ibwele pothela, pamene mwadziwa cimene mufuna kusungapo ndi munthu amene adzaisamalila. Amene afuna kuphunzila zambili angafunse aphunzitsi a makompyuta m'masukulu ndi m'makoleji a m'dela lao, kapena malo osonkhanilapo akatswili acinyamata monga BongoHive mu Lusaka, imene inayamba mu 2011. Ndipo amene waphunzila aonetseko makolo ndi agogo kunyumba, cifukwa iwo ndiwo amene anthu acinyengo amakonda kuwaimbila foni.